Mtovu: Mlendo Wonyenga Amene Amalowa mu Ubongo wa Mwana

ZA UMOYO M'BANJA MWATHU

Mwezi uno tiyamba ndi cithunzi cimene ambiri a ife tinacionapo. Mwana wabwera kucokera ku sukulu, pepala la mayeso lili m'manja, ndipo walepheranso. Aphunzitsi alemba kuti samvetsera, sakhazikika pa mpando, ndipo cimene waphunzira lero, mawa waciiwala. Atate atenga kamtengo. Amai ati mwina ndi ulesi. Ambuya, atakhala pa mphasa, anong'ona kuti pali munthu amene anamucita cipongwe mwanayu. Tonse tafulumira kuweruza, koma palibe wafunsa funso ili: kodi m'mutu mwa mwanayu munalowa ciyani pamene anali kukwawa?

Zifukwa zimene mwana amalepherera ku sukulu n'zambiri, ndipo sitinena kuti zonse zili ndi gwero limodzi. Koma cilipo cifukwa cimodzi cimene ife a m'dziko la Zambia tiyenera kucidziwa bwino kuposa anthu ambiri a pa dziko lapansi. Cifukwa cimeneci ndi mtovu. Tifuna kuti tiutsatire pa ulendo wake, kuyambira pa fumbi la pa bwalo kufikira m'kati mwenimweni mwa ubongo, kuti tione mmene citsulo copanda moyo cimapitira pa zipata zitatu zolondedwa bwino popanda woimitsa.

Kabwe ndi colowa cake

Mtovu ndi citsulo cofewa, colemera, cotuwa, cimene cimasungunuka msanga pa moto. Asodzi amaudziwa, pakuti amaumangirira ku maukonde kuti amire. Uli m'mabatire a galimoto, mu utoto wina wopaka nyumba, ndi m'zomatira zitsulo. Ku nchito za manja uli ndi phindu, koma m'thupi la munthu ulibe nchito ngakhale imodzi. Thupi limafuna ayironi, limafuna kashiamu, limafuna zinki. Mtovu siliufuna konse.

M'caka ca 1902 miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pa malo amene azungu anawacha Broken Hill, mzinda umene lero timati Kabwe. Mgodi ndi ng'anjo zake zinagwira nchito kwa zaka pafupifupi 90, kufikira pamene zinatsekedwa mu 1994. Pa zaka zonsezo utsi wa ng'anjo unali kugwetsa fumbi la mtovu pa nyumba, pa minda ndi pa mabwalo a masewera. Mgodi unatsekedwa, koma fumbi silinasamuke, pakuti mtovu suola monga tsamba. Zotsalira za mgodi zinaunjikidwa m'cimulu cacikulu cimene anthu amati Black Mountain, ndipo mphepo ya m'cilimwe imaulutsa fumbi kulowa m'makomboni oyandikira.

Madokotala amayesa mtovu wa m'magazi pa muyeso wa mamaikulogalamu pa desilita. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu, ndipo desilita ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limanena kuti palibe muyeso wa mtovu umene tingati ndi wabwino kwa mwana, ndipo mu 2021 linalangiza kuti muyeso ukafika pa 5, gwero lake lifufuzidwe ndi kucotsedwa. Tsono tamvani izi. Mu 2015 akatswiri a pa University of Zambia, pamodzi ndi anzawo a pa Hokkaido University ya ku Japan, anafalitsa zimene anapeza atapima ana 246 a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ana onsewo anali pamwamba pa 5. Ambiri anali pamwamba pa 45, muyeso umene mwana amafunika mankhwala ocotsa mtovu, ndipo panali mwana amene anapitirira 400.

Asaganize wina kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Kabwe okha. Mu 2020 bungwe la UNICEF ndi la Pure Earth anaulula kuti mwana mmodzi mwa ana atatu alionse pa dziko lapansi, ndiye kuti ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika pa 5 kapena kupitirira. Kulikonse kumene anthu amaphwanya mabatire akale, kumene amasula mapoto ndi zitsulo zotola, kumene utoto wakale ukukanganuka pa cipupa, mtovu uli pafupi.

Cipata coyamba: m'matumbo

Mwana wa caka cimodzi amaphunzira dziko ndi pakamwa. Amakwawa pansi, amagwira dothi, kenaka zala zimapita m'kamwa. Umu ndi mmene fumbi la mtovu limalowera m'mimba. Lina limalowa m'mapapo pamene mwana akupuma mpweya wa fumbi kapena wa utsi.

Matumbo athu si thumba longolandira ciliconse. Khungu la m'kati mwake lili ndi timakomo ting'onoting'ono tosankha zoyenera kulowa m'magazi. Pali khomo la ayironi, limene akatswiri amati DMT1, ndipo palinso njira za kashiamu. Apa ndi pamene cinyengo ca mtovu ciyambira. Mtovu ukasungunuka m'madzi a m'mimba, kanthu kake kakang'ono kwambiri kamakhala ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya kashiamu, ya zinki, ndi ya ayironi amene matumbo amalandira. Kukula kwake nakonso sikusiyana kwambiri ndi kwa kashiamu. Timakomo tija sitiona nkhope. Timangoyesa kukula ndi mphamvu. Conco mtovu umafika pa khomo utavala malaya a m'bale, ndipo khomo limatseguka.

Mwa munthu wamkulu, mtovu wocepa ndiwo umapyola pamenepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a umene wameza. Koma thupi la mwana likukula, likumanga mafupa ndi magazi usana ndi usiku, motero makomo ake amakhala otsegula kwambiri. Mwana amatenga mtovu woculuka kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu amene wameza mlingo womwewo. Ndipo taonani cisoni cake: mwana amene ali wocepa magazi kaamba ka kusowa ayironi, thupi lake limaonjezera makomo a ayironi pofuna kudzipulumutsa, ndipo mtovu umalowa woculuka koposa. M'mimba mukakhala mopanda cakudya, mtovu umalowanso mosavuta. Ndiye kuti mwana wa m'banja losauka, amene wacoka m'mawa osadya phala, ndiye amene mtovu umamupeza khomo lili pululu.

M'magazi ndi m'mafupa

Ukalowa m'magazi, pafupifupi mtovu wonse umakakamira ku maselo ofiira a magazi. Kumeneko umasokoneza nchito yopanga utoto wofiira umene umanyamula mpweya wabwino, pakuti umalanda malo a zinki mu puloteni imene imathandiza pa nchitoyo. N'cifukwa cake ana ambiri a mtovu amakhala ocepa magazi, ndipo kucepa magaziko kumaonjezeranso vuto.

M'magazi mtovu sukhalitsa. Pakapita mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, theka lake limakhala litacoka. Wina umatuluka ndi mkodzo. Koma wambiri sutuluka m'thupi, umangosamuka. Popeza thupi limauyesa kashiamu, limausunga kumene limasunga kashiamu, ndiko m'mafupa ndi m'mano. Mwa munthu wamkulu, magawo oposa 90 mwa magawo 100 a mtovu wa m'thupi amakhala m'mafupa, ndipo umatha kukhala mmenemo zaka makumi angapo.

Pano amai ndi atsikana achere khutu. Mkazi akakhala ndi pakati, thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mafupa a mwana. Potapa kashiamu limatapanso mtovu umene unabisala mmenemo kuyambira pa utsikana. Mtovu umenewu umabwerera m'magazi, ndipo umapyola m'nsengwa kukafika kwa mwana wosabadwa. Motero mtsikana amene anasewera pa fumbi la mgodi zaka 20 zapitazo, angathe kupatsira mwana wake mtovu ngakhale atasamukira ku Chipata kapena ku Lusaka. Ili si tsoka la kumtundu, ndipo si mlandu wa mai. Ndi nchito ya citsulo.

Cipata caciwiri: linga la ubongo

Ubongo ndi ciwalo cotetezedwa kuposa zonse. Kunja uli ndi cigaza, koma ulinso ndi linga lina losaoneka ndi maso. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Paul Ehrlich, anabaya nyama ndi utoto m'mitsempha ya magazi. Atazing'amba anapeza kuti ziwalo zina zonse zasintha mtundu, koma ubongo unali woyera monga kale. Pambuyo pake akatswiri anamvetsa cifukwa cake. M'ziwalo zambiri, timitsempha ta magazi tili ndi timipata pamene zinthu zimadutsira. Mu ubongo, maselo amene amapanga zipupa za timitsemphato ndi omatana zolimba, monga njerwa zomangidwa ndi simenti. Zinthu zambiri zofuna kulowa mu ubongo ziyenera kudzera pa makomo osankha: shuga ali ndi khomo lake, ayironi ali ndi lake, ndi zina zotero.

Linga limeneli limabweza majeremusi ambiri ndi mankhwala ambiri, koma mtovu silitha kuubweza wonse. Gawo laling'ono la mtovu limene silinakakamire ku maselo ofiira, limayandama m'madzi a magazi, ndipo ndilo limafika pa linga. Pamenepo limacita monga linacitira m'matumbo: limadzera pa njira zimene zinaikidwira zitsulo zofunika. Likangodutsa, limakumana ndi maselo ena ooneka ngati nyenyezi amene akatswiri amati astrocytes. Awa ndi alezi a ubongo: amadyetsa maselo a minyewa, amasesa zonyansa, ndipo amameza mtovu ndi kuusunga m'kati mwawo kuti usafike kwa ana amene akulera. Koma mlezi naye ali ndi polekezera. Mtovu ukaculuka, alezi amalefuka, ndipo nchito yawo yosamalira minyewa imaonongeka.

Mtovu ukakwera kwambiri, umayamba kugumula linga lenilenilo. Timitsempha timayamba kudontha, madzi amalowa, ubongo umatupa m'cigaza cimene sicitambasuka. Mwana amasanza, amaodzera, amagwa khunyu, amakomoka, ndipo angathe kufa. Izi zinacitika m'cigawo ca Zamfara ku Nigeria mu 2010, kumene anthu anali kupera miyala ya golide m'makomo mwawo osadziwa kuti ili ndi mtovu. Ana osacepera 400 anamwalira. Poyamba ambiri anaganiza kuti ndi malungo a mu ubongo.

Cipata cacitatu: khomo la selo la minyewa

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani yathu. Mu ubongo wa munthu muli maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ngati mtengo wa nthambi zambiri, ndipo nthambi zake zimayandikana ndi za anzake koma osakhudzana. Pakati pamatsala kampata kakang'ono zedi. Kuganiza, kukumbukira, kulankhula, ngakhale kutukula dzanja, zonsezi ndi uthenga umene ukulumpha timipata timeneti kucokera ku selo lina kupita ku linzake.

Kodi uthengawo umalumpha bwanji? Apa ndi pamene kashiamu ali ndi nchito yaikulu imene ambiri sitiidziwa, pakuti timangomva kuti kashiamu ndi wa mafupa. Selo la minyewa limasunga kashiamu kunja kwake. Kunja amakhala woculuka kuwirikiza pafupifupi 10,000 kuposa amene akuyandama m'kati. Pa khungu la selo pali timakomo ta kashiamu totsekedwa. Mphamvu ya magetsi ikayenda m'nthambi ndi kufika kunsonga, timakomoto timatseguka kwa kanthawi kocepa kwambiri kuposa kuphethira kwa diso. Kashiamu amathamangira m'kati, ndipo kulowa kwakeko kuli ngati kulira kwa ng'oma: timatumba ta mankhwala a uthenga timatseguka ndi kukhuthulira mankhwalawo m'kampata kaja, ndipo selo la kutsidya limamva. Kenaka kashiamu amapopedwa kubwerera kunja, ndipo selo limakhala cete kudikira uthenga wina.

Mtovu umadikira pa timakomo timeneti. Tikatseguka kuti kashiamu alowe, nawo umalowa. Akatswiri anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1980 poyesa maselo m'nyumba zofufuzira: pamene anacititsa makomo a kashiamu kutseguka, mtovu wolowa unaculuka, ndipo pamene anawatseka ndi mankhwala, unacepa. Palinso makomo ena amene mtovu umadzerapo, monga amene amatseguka polandira uthenga, ndi amene amalowetsa zinki ndi ayironi. Tanthauzo lake ndi lomvetsa cisoni: selo limene likugwira nchito kwambiri ndilo limatsegula makomo ake kawirikawiri. Ndipo palibe ubongo wotanganidwa kuposa wa mwana wa zaka ziwiri, amene tsiku lililonse akuphunzira mau atsopano, nkhope zatsopano ndi mayendedwe atsopano.

Podutsa pa khomo, mtovu sudutsa mwaulemu. Umacedwa pakhomopo ndi kuchinga njira, kotero kuti kashiamu weniweni amalowa wocepa. Uli ngati munthu amene waima pa khomo la nyumba ya eni, osalowa msanga, osapatukanso.

Zimene umacita ukalowa

M'kati mwa selo muli anchito ambiri amene amadikira kashiamu kuti awadzutse. Mmodzi wa iwo ndi puloteni yochedwa calmodulin, imene ili ndi mipando inayi ya kashiamu. Kashiamu amakhala pa mipandoyo kwa kanthawi, nchito imacitika, kenaka amanyamuka. Mtovu umakhala pa mipando yomweyo, koma umagwira zolimba kuposa mwini mpando, ndipo sufulumira kunyamuka. Wanchito wina ndi puloteni yochedwa protein kinase C, imene imathandiza pa kukula kwa maselo ndi pa kusunga zimene taphunzira. Mu 1988 akatswiri awiri a ku America, Markovac ndi Goldstein, anapeza kuti puloteni imeneyi imadzutsidwa ndi mtovu wocepa kwambiri kuposa kashiamu amene amafunika pa nchito yomweyo. Conco selo limayamba kulandira malamulo amene palibe anawatuma.

Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zoipa. Pamene palibe uthenga, timatumba tija timadontha tokha cifukwa mtovu wakhala pa mpando wa kashiamu. Pamene uthenga weniweni wafika, timatseguka mofooka cifukwa khomo la kashiamu lachingika. Tiyerekeze ndi mudzi umene ng'oma ikungolira usiku wonse popanda cifukwa, koma tsiku limene nyumba yapsa, ng'omayo imveka mwapansipansi. Anthu a m'mudzi wotere sangadziwe nthawi yothamanga ndi nthawi yogona.

Palinso khomo lina lapadera, lochedwa NMDA, limene tingati ndi khomo la kuphunzira. Maselo awiri akalankhulana mobwerezabwereza, khomo limeneli limatseguka, kashiamu amalowa, ndipo mgwirizano wa maselo awiriwo umalimba, monga njira ya kumunda imene imaoneka bwino cifukwa anthu amayendamo tsiku ndi tsiku. Umu ndi mmene mwana amasungira dzina la amai ake, nyimbo ya masewera, ndi kuti ziwiri kuonjezera ziwiri ndi zinayi. Makomo amenewa ndi oculuka m'cigawo ca ubongo cochedwa hippocampus, nkhokwe ya cikumbumtima ca zimene taona ndi kumva. Mtovu umafooketsa khomo la NMDA. Mwana amamva phunziro ndithu, koma njira siipondeka. Udzu umameranso usiku, ndipo m'mawa ayambanso ngati sanapiteko.

Tikumbukire kuti m'zaka zoyamba za moyo ubongo umaphuka nthambi zambirimbiri, ndipo pambuyo pake umadulira zosagwira nchito ndi kusunga zogwira nchito. Umadziwa zoyenera kusunga pomvera uthenga umene ukuyendamo. Uthenga ukasokonezeka, mlimi amadula nthambi yobala ndi kusiya youma. Kuonjezera apo, mtovu umalowa m'timbaula ta selo topangira mphamvu ndi kutifooketsa, mpaka maselo ena amafa, ndiponso umasokoneza kupangidwa kwa cikuto ca mafuta cimene cimakuta minyewa kuti uthenga uthamange. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Cimene capindika pa nthawi imeneyi n'covuta kuongola.

Umboni wa pa ana eni ake

Wina angati zonsezi ndi za m'nyumba zofufuzira. Koma umboni unapezeka pa ana amoyo. Mu 1979 dokotala wa ku America, Herbert Needleman, anafalitsa zimene anapeza atasonkhanitsa mano ogweruka a ana a sukulu a m'matauni awiri a pafupi ndi Boston. Popeza mtovu umasungika m'mano, dzino linali ngati buku la zimene mwana anameza. Ana amene mano awo anali ndi mtovu wambiri anakhoza mocepa pa mayeso a nzeru, ndipo aphunzitsi, amene sanadziwe za manowo, anawachula kuti ndi osamvetsera ndi osakhazikika. Anawa sanali odwala m'maso mwa makolo awo. Anali kusewera ndi kudya ngati anzawo.

Ku Cincinnati, akatswiri anatsatira ana kuyambira asanabadwe kufikira atakula. Mu 2008 anaonetsa zithunzi za ubongo wawo: amene anali ndi mtovu wambiri pa ubwana anali ndi ubongo wocepa m'zigawo zina, makamaka ca kutsogolo, kuseri kwa mphumi, kumene kumathandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira asanacite kanthu. Kafukufuku wina wa mu 2005, wophatikiza ana 1,333 a m'maiko angapo, anaonetsa kuti nzeru zimayamba kutsika ngakhale muyeso usanafike pa 10, ndipo kutsika kofulumira kumacitika pa miyeso ya pansi yomweyo.

N'cifukwa cake muyeso wodetsa nkhawa wakhala ukutsitsidwa. Ku America unali 60 m'zaka za m'ma 1960, unafika pa 25 mu 1985, pa 10 mu 1991, pa 5 mu 2012, ndi pa 3.5 mu 2021. N'cifukwa cakenso maiko anasiya kuthira mtovu mu petulo. Maiko a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara analeka pofika kuciyambi kwa 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linaleka mu 2021. Izi zitiphunzitsa kuti anthu akagwirizana, gwero la mtovu lingathe kutsekedwa.

Nanga ife ticite ciyani?

Mankhwala ocotsa mtovu alipo. Amagwira mtovu m'magazi ndi kuutulutsa ndi mkodzo, ndipo amapulumutsa moyo wa mwana amene muyeso wake wafika pa 45 kapena kupitirira. Koma tinene zoona: kafukufuku wa ana 780 ku America, wofalitsidwa mu 2001, anaonetsa kuti kwa ana a muyeso wapakati mankhwalawa anatsitsa mtovu m'magazi koma sanabweze nzeru zimene zinatayika. Madzi akatayika saoleka. Ndiponso mwana wocira akabwerera pa fumbi lomwelo, mtovu umakweranso. Conco nkhondo yeniyeni ili pa cipata coyamba.

Tisambitse ana m'manja ndi sopo asanadye ndiponso asanagone, ndipo tiwawenge zikhadabo. Tisanasese pa bwalo kapena m'nyumba, tiwaze madzi. Pansi pa simenti tikolope ndi nsalu yonyowa. Pa bwalo pamene ana amasewera tibzale kapinga, ndipo khanda tiliyalire mphasa yoyera. Ndiwo za masamba ndi zipatso tizitsuke bwino, cakudya ndi madzi tizivundikire. Tidziwenso kuti kuwiritsa madzi kumapha majeremusi koma sikucotsa mtovu.

Mwana asayambe tsiku ndi m'mimba mopanda kanthu. Timupatse zakudya za kashiamu ndi ayironi monga kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, mawere, nyemba, nshawa, mazira, ciwindi, bonongwe ndi ciwawa, pamodzi ndi zipatso monga malalanje, magwafa ndi malambe zimene zimathandiza thupi kutenga ayironi. Makomo akadzaza ndi eni ake, mlendo wonyenga amapeza malo ocepa. Cakudya sicicotsa ngozi yonse, koma cimaicepetsa.

Abambo amene amagwira nchito ya mabatire, yowocherera zitsulo, kapena yotola miyala pa zimulu za mgodi, asambe ndi kusintha zovala asananyamule mwana, ndipo zovala za ku nchito zicapidwe pazokha. Batire lisaphwanyidwe kapena kusungunulidwa pa khomo. Ana asapite ku zimulu za mgodi. Amai apakati amene mtima umalakalaka dothi apite ku sikelo akanene, pakuti cilakolako cimeneci nthawi zambiri cimayendera limodzi ndi kucepa kwa ayironi, ndipo dothilo lingathe kukhala ndi mtovu.

Ngati tikhala pafupi ndi mgodi wakale kapena malo ophwanyira mabatire, tipemphe a cipatala kuti apime magazi a ana athu, ngakhale akuoneka athanzi. Mwana akamadandaula m'mimba kawirikawiri, akadzimbidwa, akataya cilakolako ca cakudya, akacedwa kulankhula, kapena akagwa khunyu, tiuze adokotala kumene tikhala ndi nchito imene timagwira.

Koma tisanamizane kuti tsache ndi sopo zingayeretse mzinda wonse. Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zothandiza boma kukonza malo oonongeka ndi migodi, ndipo Kabwe anali m'gulu la malowo. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linalemba kuti ana a kumeneko anali akadali pa ngozi cifukwa gwero lenileni, zotsalira za mgodi, linali lisanakonzedwe. Kukwirira zimulu, kucotsa dothi loipa ndi kuika phula m'misewu ya fumbi ndi nchito ya boma ndi ya onse amene anapindula ndi mgodi. Mbali yathu ndi kufunsa makhansala ndi aphungu athu, mosatopa ndi mopanda mantha. Mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza, tibwerere kwa mwana uja amene waima ndi pepala lake la mayeso. Ngati mtovu unamufikira kale, sindiye kuti zake zatha. Ubongo wa mwana umapitiriza kukula ndi kuphunzira, ndipo mwana amene amalankhulidwa, kufotokozeredwa nthano, kuwerengeredwa ndi kuphunzitsidwa moleza mtima amapita patsogolo. Kamtengo sikangacotse citsulo m'mutu, ndipo kuloza zala aneba sikungamucize. Atate aike pansi kamtengo kaja, akhale naye pansi, abwereze phunzirolo kaciwiri ndi kacitatu, ndipo mawa apite naye kukapimitsa magazi pamodzi ndi ang'ono ake amene akali kukwawa.